Wakufa ali ndi eni ake, musamuponye pa WhatsApp

Kukangochitika ngozi yaikulu pamsewu wa M1, kaya mtsinje wasefukira n'kukokolola anthu, mkangano umodzi womwewo umabuka m'magulupu a WhatsApp ndi pa Facebook. Wina amaponya chithunzi cha munthu ali gone m'mbali mwa msewu, nsapato imodzi ili potero. Wina amamudzudzula kuti achichotse msanga. Posakhalitsa gulupu yonse yagawikana pawiri, ena akuti tisabise zoona, ena akuti tiziopa Mulungu. Tinaziona mu Marichi 2023 pamene namondwe wa Freddy anagumula matope m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe mumzinda wa Blantyre: zithunzi za ana ofukulidwa m'matope zinkazungulira m'mafoni makolo ena akadasakasaka ana awo. Tinazionanso mu Juni 2024, ndege ya asilikali itagwa m'nkhalango ya Chikangawa n'kupha wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, a Saulos Chilima, pamodzi ndi anthu ena 8. Ine pankhaniyi sindili pakati ayi. Kujambula munthu wakufa kapena wovulala kwambiri, n'kumwaza chithunzicho abale ake asanalole, n'kulakwa, ndipo ndi khalidwe loti tilisiye. Ndikunena izi monga munthu wokonda zithunzi, wokhulupirira kuti kamera ili ndi ntchito yaikulu ngakhale pa tsiku la tsoka. Koma ntchito imeneyo si imene ambiri a ife tikugwira ndi mafoni athuwa.

Ndiyambe ndi zimene chithunzi chimatanthauza kwa munthu wojambulidwayo, pakuti m'pamene pagona nkhani yonse. Amene anakula mafoni asanabwere akukumbukira wojambula wa panjinga, kamera ili lende m'khosi, amene ankazungulira m'midzi ndi m'makomboni Lamulungu anthu akaweruka kutchalitchi. Filimu yake inkatha pa zithunzi 24 kapena 36, choncho sankadina chisawawa. Munthu ankayamba wasamba, kudzola mafuta, kupesa tsitsi, mwinanso kubwereka jekete kapena wotchi kwa mnzake. Amayi ankamanga duku bwinobwino n'kutulutsa chitenje chija amachisungira pansi pa sutikesi. Ena ankaima pafupi ndi maluwa, ena atakumbatira wailesi. Akatero ankadikira sabata yathunthu kapena awiri kuti zithunzizo zikatsukidwe kutauni. Khama lonseli linkachokera pa chinthu chimodzi: munthu amafuna kusankha yekha momwe anzake amuonere, ndi momwe zidzukulu zake zidzamukumbukire. Lero filimu kulibe, koma mtima umenewo sunasinthe. Taonani momwe mtsikana amajambulitsira mobwerezabwereza asanasankhe choika pa status, kapena momwe bambo amakanira kuti musawajambule ali ndi malaya akumunda. Tsono ngati wamoyo timamufunsa, ndipo akakana timafufuta, ufulu umenewu ukutheranji pa nthawi imene munthuyo sangathenso kudziphimba yekha? Mayi amene wagundidwa ndi galimoto akuchokera kuchigayo, chitenje chitamasuka, ufa uli mbwee pamsewu, sakanalola ndi pang'ono pomwe kuti anthu amuone chotero. N'chifukwa chake amayi anzake akafika pamalo otere, asanalire n'komwe, amamasula chitenje chapamwamba n'kumufunditsa. Wojambula amene amathamangira kudina chitenjecho chisanafike akulimbana ndi amayi amenewa.

Kuonjezera pa wakufayo, pali otsala. Makolo athu anali ndi njira yake yonenera maliro. Mthenga sankafikira kunena kuti uje watisiya. Ankafika, kulonjeredwa, kukhala pansi, n'kuyamba wafuna wamkulu wa pakhomopo. Kwa mayi kapena mkazi wa malemu ankangoti matenda akula, konzekani tikaone. Ngakhale lero anthu ozindikira akamaimba foni ya maliro amayamba aimbira malume kapena mlongo, kuti pakhale wina pafupi woti amugwire wofedwayo miyendo ikafooka. Mfumu imauzidwa, masamba amaikidwa pamsewu, ndiyeno kulira kumamveka. Dongosolo limeneli analikonza ndi anthu odziwa kuti uthenga wa imfa umavulaza, makamaka ukafikira wodwala BP, mayi woyembekezera kapena nkhalamba. Chithunzi cha pa WhatsApp chimalumpha zonsezi. Chimamupeza munthu ali yekha m'minibasi, ali pamzere kubanki, ali m'kalasi akulemba pabolodi. Amatsegula poganiza kuti ndi uthenga wa kwaya, n'kuzindikira malaya amene anasita yekha m'mawa. Ndipo nkhope yoonongekayo ndi imene idzamubwerere m'maso usiku kwa zaka zambiri, kutsekereza zithunzi zabwino zonse zimene malemuyo anajambulitsa ali moyo.

Amene amaikira kumbuyo mchitidwewu ali ndi mfundo zawo, ndipo zina mwa izo si zopepuka. Amati pangozi zambiri ovulala sadziwika kwawo, ndipo chithunzi chikazungulira abale amapezeka tsiku lomwelo, m'malo moti mtembo ukhale masabata m'nyumba ya chisoni mpaka kukaikidwa ndi anthu osamudziwa. Nkhawa imeneyi ndi yeniyeni. Nthawi ya Freddy mabanja ankadzazana pa nyumba ya chisoni ya chipatala cha Queen Elizabeth kufunafuna abale awo, ndipo amene anasowapo munthu amadziwa kuti kusadziwa kumapweteka mwa pakokha. Komabe ngati cholinga n'kupeza abale, njira zosamuvula munthu zilipo. Kuyambira 2017 Amalawi achikulire ambiri ali ndi chiphaso cha unzika, chokhala ndi dzina ndi chithunzi chaulemu. Foni imene ili m'thumba mwake ili ndi manambala. Mukhoza kulemba kuti mayi wa zaka za m'ma 40, wovala chitenje chobiriwira, amene anakwerera ku Lunzu, ali kuchipatala chakuti. Mukhoza kujambula chikwama kapena nsapato zake. Mwana amazindikira chitenje cha mayi ake msanga kuposa nkhope yotupa. Pamene palibe njira ina koma nkhope yokhayo, apolisi ndi achipatala ndiwo ayenera kuionetsa kwa amene abwera kudzafunsa. Ndiponso tisanamizane: zithunzi zambiri zimapitirira kuzungulira wakufayo atadziwika kale, dzina lake litalembedwa pamwamba pa chithunzicho. A Chilima panalibe Mmalawi amene ankafunika kuwazindikira.

Mfundo yolemera kuposa zonse ndi ya umboni, ndipo iyi ndiyenera kuikhalira pansi. Amati akuluakulu amabisa zinthu, ndipo popanda chithunzi boma likhoza kunena kuti afa awiri pamene afa makumi awiri. Mbiri ikuwavomereza. Pa 16 Juni 1976 ku Soweto, Sam Nzima wa nyuzipepala ya The World anajambula Hector Pieterson, mwana wa sukulu wa zaka 12 amene apolisi anamuombera, atanyamulidwa ndi mnyamata wina, Mbuyisa Makhubo, mlongo wake wa Hector, Antoinette, akuthamanga pambali akulira. Chithunzicho chinafika m'maiko ambiri, ndipo boma la tsankho la South Africa silinathenso kubisa zimene linkachitira ana. Mu 1955 ku America, mnyamata wakuda wa zaka 14, Emmett Till, anaphedwa mwankhanza ku Mississippi. Mayi ake, Mamie Till, analamula kuti bokosi likhale lotsegula pamaliro ku Chicago, analola kuti nkhope ya mwana wawo ijambulidwe, ndipo magazini ya Jet inasindikiza chithunzicho. Kwathu kuno, pa zionetsero za pa 20 Julayi 2011 anthu pafupifupi 20 anafa, Mzuzu n'kutaya ochuluka kuposa mizinda ina, ndipo zithunzi zinathandiza kuti nkhaniyo isakwiririke. Zonsezi ndikuzivomereza ndi mtima wonse. Dziko lopanda ojambula olimba mtima limakhala losavuta kulinamiza.

Koma tiziyang'anitsitse zitsanzozi, chifukwa sizikuthandiza amene amazitchula pofuna kuteteza zimene zimachitika m'magulupu athu. Pa Emmett Till anasankha ndi mayi ake, mwini maliro, akudziwa chimene akufuna kuti dziko lione. Zimenezi ndi zomwe ndikupempha. Pa Hector Pieterson n'zoona kuti panalibe wopempha chilolezo, koma panali wopha wokhala ndi mfuti, mphamvu ndi chifukwa chobisira, ndipo chithunzicho chinkaloza wophayo. Chinadutsa m'manja mwa akonzi amene anachilingalira asanachisindikize, ndipo wochijambula anali ndi dzina, analipiranso mtengo wake: apolisi anamusautsa mpaka anasiya ntchito n'kubwerera kumudzi kwawo. Makhubo anathawa m'dzikomo, abale ake osamuonanso. Choncho funso loyenera kudzifunsa chala chisanadine ndi lakuti, chithunzichi chikuulula yani? Minibasi ikaombana ndi lole ku Dedza palibe amene akukana kuti anthu afa. Pa Freddy boma lenilenilo linalengeza kuti anthu oposa 600 afa ndipo ena mazanamazana sanapezeke. Zofunika kuululidwa zinali zina: nyumba zomangidwa m'mbali mwa phiri lomwe mitengo yake inatha, amene ankagulitsa malo amenewo, machenjezo amene sanafike kapena sanamveredwe, ndi momwe thandizo linkagawidwira m'makampu. Nkhope ya mwana wakufa siyankha ngakhale limodzi mwa mafunso amenewa, imangomuvula mwanayo ndi makolo ake. Ndipo ngati wina alidi ndi umboni wa mlandu, aupereke kwa apolisi, kwa loya wa banjalo, ku bungwe loona za ufulu wa anthu la Malawi Human Rights Commission, kapena kwa mtolankhani amene adzaufufuze n'kuuyankhira. Gulupu ya anzanu amene munaphunzira nawo ku sekondale sizenga milandu.

Ena amati zithunzi zoopsa ndi chenjezo: dalaivala akaona mitembo adzachepetsa liwiro, wa kabaza adzagula helemeti. Ndikanakonda zikanakhala choncho. Koma takhala tikutumizirana zithunzi zotere kwa zaka zambiri, ndipo njinga zamoto zikunyamulabe anthu atatu opanda helemeti, minibasi zikupanikizabe anthu anayi pampando wa atatu. Munthu akamaona zoopsa tsiku ndi tsiku mtima umauma, chithunzi chimene chinamulepheretsa kudya chaka chatha lero amachiona mbamu ili m'manja. Chimene chimaphunzitsa pangozi ndi chimene chinaichititsa: tayala lotha mpaka mawaya kuonekera, dzenje la pamsewu, mlatho wopapatiza, katundu womangidwa mopyola muyeso, botolo la mowa pansi pa mpando wa dalaivala. Wojambula waluso amaloza kamera yake pamenepo, ndipo chithunzi chotero chingathe kufika pa desiki ya amene ali ndi udindo wokonza msewu kapena wolanda chiphaso cha dalaivala. Palinso vuto lina limene ochenjezawa salitchula. Manja amene agwira foni sanyamula wovulala. M'dziko lathu ambulansi imachedwa kapena siibwera n'komwe, ndipo ovulala ambiri amafika kuchipatala pa galimoto za anthu odutsa. Mphindi zimene gulu likukankhana kuti lipeze pojambulira bwino ndi zomwezo zimene wina akutaya magazi.

Palinso amene amaitengera nkhaniyi kumwambo. Amati ife sitiopa mtembo, pamaliro athu timaona nkhope, ndiye chachilendo n'chiyani munthu akaiona pafoni? Mfundoyi imamveka ngati ikuteteza chikhalidwe, pamene ikuchipotoza. Nkhope imene timaona pamaliro ndi ya munthu amene adzukulu kapena amayi a mpingo amusambitsa, amutseka maso ndi pakamwa, n'kumuveka zovala zimene banja lasankha. Eni mbumba ndiwo amalola kuti bokosi litsegulidwe, ndipo thupi likaonongeka kwambiri amati lisatsegulidwe, anthu n'kumvetsa popanda kunyinyirika. Oona nkhope amadutsa pamzere mwaulemu, kwa kamphindi chabe, ana aang'ono atawapatutsa, kenako chivundikiro chimatsekedwa. Ndipo amene akudutsa pamzerepo ndi anthu amene asiya ntchito zawo, agona pa siwa, apereka chipepeso, atunga madzi, akumba manda. Kuona nkhope n'kutsanzikana, ndipo kumabwera pamodzi ndi udindo wolira nawo, paja maliro n'kulirana. Woona chithunzi pafoni sapereka kalikonse kwa ofedwa, amangoona n'kupitiriza kufufuza zotsatira za mpira. Apa sindikuti kamera isaponde pamaliro. Mabanja ambiri ali ndi ana ku South Africa ndi ku Britain, ndipo nthawi ya Covid-19, mu 2020 ndi 2021, maulendo atavuta, ambiri anatsanzikana ndi makolo awo kudzera pa kanema wa pafoni. Zimenezo n'zabwino kwambiri, chifukwa banja ndilo lasankha woti aone, ndipo mwana amene ali ku Cape Town akulira pafoniyo ndi mwini maliro.

Yankho limene ndimalimva kawirikawiri kuposa onse ndi lakuti, "Ine sindinajambule, ndangotumiza, ndipo chili kale ponseponse." Koma chithunzi sichiyenda chokha. Chimafika ponseponse chifukwa cha anthu ambirimbiri amene aliyense wa iwo akuti wangotumiza. Gulupu imodzi ya WhatsApp ikhoza kukhala ndi anthu 1,024, ndipo m'dziko laling'ono ngati lathu, momwe ubale umalukanalukana, simungadziwe kuti mwa iwowo ndani ndi msuweni wa malemu. Mafoni ambiri amatsitsa okha zithunzi n'kuzisunga pamodzi ndi za ukwati ndi za ana, ndipo madzulo foni yomweyo imakhala m'manja mwa mwana wa sitandade 3 amene akufuna masewero. Mukachifufuta mawa, chatsala kale m'mafoni a anthu ena, madzi akatayika saoleka. Pa Facebook chimakhala zaka ndi zaka. Khanda limene lero lili kumsana lidzakula, lidzafuna kudziwa bambo ake, lidzalemba dzina lawo pa intaneti, ndipo chimene lidzapeze ndi chimene inu munatumiza. Chondiwawa kwambiri n'chakuti pali masamba ena amene amadya nazo zimenezi, amene adziwa kuti magazi amachulukitsa owatsatira, ndipo aliyense wogawa chithunzi chawo akuwagwirira ganyu yaulere.

Nanga titani? Ena akuti boma lizimanga anthu otere. Malamulo aakulu a dziko lino, a 1994, amateteza ulemu wa munthu m'gawo 19 ndi moyo wake wachinsinsi m'gawo 21, pomwe gawo 35 ndi 36 amateteza ufulu wolankhula ndi wa atolankhani. Palinso lamulo la 2016 lokhudza zochitika pa intaneti, lotchedwa Electronic Transactions and Cyber Security Act. Koma ine sindikufuna kuti njira yathu yoyamba ikhale ya unyolo. Taona kale anthu akumangidwa chifukwa cholemba zodzudzula atsogoleri pa intaneti, ndipo mphamvu yoletsa zithunzi ikapita m'manja mwa boma, choyamba kuletsedwa chidzakhala chithunzi chonga chija cha Hector Pieterson. Zimene zingagwire ntchito zili pafupi nafe. Woyang'anira gulupu ya WhatsApp ali ndi mphamvu yofufuta uthenga wa membala wina kuti usaonekenso kwa onse, ndipo angathe kunena poyera kuti muno zithunzi za mitembo ayi, wobwereza atuluka. Woyendetsa mwambo wa maliro, amene amalengeza kale za chipepeso ndi za ndondomeko yopitira kumanda, akhoza kuonjeza kuti nthawi yoona nkhope mafoni akhale m'matumba, kupatula wojambula amene banja lamusankha. Abusa ndi mashehe, amene amayendera ofedwa sabata ndi sabata ndipo amamva madandaulo awo, ali ndi pakamwa pomveka pankhaniyi. Aphunzitsi a utolankhani ndi akonzi a masamba a nkhani ayikepo mzere umene mtolankhani wawo sangaudumphe.

Pamene ndikuona kuti chilango chenicheni chikufunika ndi kwa ogwira ntchito. Zithunzi za m'nyumba ya chisoni, za m'wodi ya ovulala, kapena za kuseri kwa chingwe cha apolisi sizijambulidwa ndi odutsa, chifukwa odutsa salowako. Namwino, wapolisi, msilikali kapena wogwira ntchito m'nyumba ya chisoni amaona thupi la munthu chifukwa banja ndi dziko zamukhulupirira. Akajambula kuti chithunzicho chilowe mu fayilo ya mlandu kapena ya chipatala, wagwira ntchito yake. Akachitumiza kwa mnzake, akuluakulu ake amuitanitse ndipo ayankhe mlandu wapantchito, monga momwe akanayankhira atapezeka atatenga ndalama m'thumba mwa malemuyo.